Zimene anamwino timalemba mu fayilo ya wodwala, kompyuta ingazimve bwanji?

MzambaWaEastBank

Moni anzanga a yunifomu yoyera, ndi inu a makompyuta amene mumazemberamo muno.

Ndine namwino komanso mzamba pa chipatala china chaching'ono kuno ku East Bank, kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Tauzidwa kuti ku matenite kwathu kutha kubwera matabuleti oti tizilembamo m'malo mwa mapepala, ndipo mnyamata amene akukonza pulogalamu yake wandipempha kuti ndimulembere zonse zimene anamwino timalemba, iye akazisandutse mabokosi odinamo. Wandipatsa sabata imodzi. Iye akuona ngati ndi ntchito ya madzulo amodzi.

Taonani chitsanzo. Timalemba m'Chingerezi chathu chodukaduka chija, koma ndachiika m'Chichewa ndipo ndachotsamo zonse zomudziwitsa mayiyo. "02:15. Mimba yoyamba, masabata 37. Akudandaula mutu waukulu, akuti akuona mbuu. BP 165/112, ndabwereza patatha mphindi 15, 168/110. Mkodzo protein 2+. Nkhope ndi mapazi zotupa. Ndapereka magnesium sulphate (mankhwala oteteza kukomoka) dozi yoyamba ndi mankhwala otsitsa BP, ndaika catheter. Mtima wa mwana 148. Ambulansi akuti msewu wa ku Thabwa madzi adutsa pamwamba, abwera kukacha. Apongozi ake avomera kuti anamumwetsa mwanamphepo madzulo. Mayiyu sakundisangalatsa, asasiyidwe yekha." Pansi pake pali mizere ya ola lililonse: akupuma kangati pa mphindi, mkodzo wachuluka bwanji m'thumba, bondo ndikaligogoda likudzidzimuka kapena ayi.

Mwezi utatha, a kalaliki a data anatenga rejisita, ndipo usiku wonse uja unasanduka timizere tiwiri, kamodzi pa pre-eclampsia (matenda a BP yokwera pa mimba, oonekanso ndi protein mu mkodzo), kena pa otumizidwa ku chipatala chachikulu. Ndi zimene zinalowa mu DHIS2, pulogalamu yotumizira malipoti a pamwezi ku unduna wa zaumoyo. Sindikunyoza lipotilo ayi, ku unduna ayenera kudziwa kuti amayi otere ndi angati. Koma lipoti la pamwezi lili ngati ukonde wa maso akuluakulu, limagwira milamba yokha, nsomba zing'onozing'ono zonse zimadutsa. Chimene ndinaona, nthawi imene ndinachiona, chimene ndinaganiza ndi chimene ndinachita, zonse zili mu katoni ku sitolo pamodzi ndi chiswe.

Ndiye funso langa ndi ili. Kodi pali njira yodziwika yoikira zinthu zoterezi mu kompyuta moti izizimva, osati kungozisunga ngati chithunzi cha pepala? Madokotala ali ndi ICD yawo, mndandanda wa makhodi a matenda wa dziko lonse. Ife anamwino tili ndi yathu? Nanga mzere womaliza uja, woti sakundisangalatsa, umalowa bokosi liti? Sindikufuna kumupatsa mnyamatayu mndandanda wa BP, themperecha ndi pulse basi, kenako tidzadandaule tokha kuti makinawa ndi opusa.

MkuluWaMawaya

Asisita, mwafunsa bwino kuti musanapereke pepalalo. Ine ndimakonza makina a zaumoyo kuno ku Chikwawa, ndiyankhe mbali yanga.

Poyamba tisiyanitse. DHIS2 inapangidwa ku University of Oslo, ndipo mbali yake imene inu mumaidziwa ndi yowonkhetsa: angati, mwezi uti, chipatala chiti. Munthu payekha simudziwa. Mtundu wina ndi wotsata wodwala mmodzimmodzi, ngati makina ongokhudza pa sikirini amene a Baobab Health Trust anayamba nawo ku Kamuzu Central mu 2001, aja osindikiza kasitika komata pa buku la kuchipatala, omwe pambuyo pake anafika m'makiliniki a ma ARV. Ku Neno a Partners In Health amagwiritsa ntchito OpenMRS, pulogalamu ina ya mtundu womwewu. Zanuzi zikufuna mtundu wachiwiriwu.

Makina otere sasunga chiganizo, amasunga choona chimodzichimodzi. BP yanu ya 165/112 mkati mwake ndi zoona ziwiri, nambala ya pamwamba ndi ya pansi. Chilichonse chimanyamula wodwala wake, khodi ya chimene chayezedwa, nambala, muyeso wake wa mmHg, nthawi yoyezera, ndi dzina la woyeza. Khodiyo imachokera mu dikishonale ya makinawo. Chinthu chimodzi chimakhala ndi nambala imodzi ngakhale mayina ake akhale ambiri, moti wina akalemba PET wina pre-eclampsia, makina adziwa kuti akunena chimodzi. Pa dziko lonse, zoyezayeza zambiri zili ndi makhodi mu LOINC, ndipo matenda, zizindikiro ndi zochita zili mu SNOMED CT.

Kumva kumene mukufunsako kumayamba pamene makhodiwo alumikizana. SNOMED CT imadziwa kuti pre-eclampsia ndi mtundu umodzi wa matenda a BP a pa mimba. Mukafunsa kuti amayi onse a vuto la BP chaka chino ndi ati, mayi wanu uja atuluka nawo ngakhale palibe analemba mawu amenewo pa fayilo yake. Pamwamba pake timaikapo malamulo. Mwachitsanzo, ngati mayi ali pa magnesium sulphate, ndiye kupuma kwatsika pansi pa 16 pa mphindi, kapena mkodzo sukukwana 30 ml pa ola, kapena bondo lasiya kudzidzimuka, makina achenjeze dozi yotsatira isanabayidwe, poti mankhwalawo angamupweteke. Lamulo limeneli silingagwire ngati mkodzo unalembedwa kuti "wochepa". Limafuna nambala ndi nthawi.

Pali maenje atatu amene mnyamata wanuyo agweramo mukapanda kumuchenjeza. Loyamba ndi bokosi lopanda kanthu. Pa protein pakakhala mbee, kodi munayeza osapeza kanthu, simunayeze chifukwa timapepala toyezera tinatha, kapena mayi analephera kukodza? Pa pepala mzamba mnzanu amadziwa chifukwa amadziwa mmene sitolo ilili mwezi umenewo. Kompyuta sidziwa, ndipo wolemba lipoti ku Lilongwe adzawerenga kuti amayi a ku East Bank alibe protein. Muumirire kuti pakhale posankha "sizinayezedwe" ndi chifukwa chake. Phindu lina ndi loti mudzakhala ndi umboni wa masiku amene munalibe zipangizo.

Lachiwiri ndi kukana. Pulogalamu yongosaka mawu ikaona "palibe kukomoka" imagwira "kukomoka" n'kumuwerenga mayiyo ngati anakomoka. Kukhalapo ndi kusakhalapo kwa chizindikiro kuyenera kukhala gawo la choonacho. Lachitatu ndi gwero. Za mwanamphepo simunaone ndinu, ananena ndi apongozi. BP munayeza nokha. Ziwirizi siziyenera kulemera mofanana.

Za ICD, musaidalire kwambiri pa ntchito yanuyi. Ndi yabwino powerenga matenda ndi imfa. ICD-10 ili ngakhale ndi khodi ya wogwidwa ndi ng'ona, W58, ndiye asodzi a ku Elephant Marsh anawaganizira, pamene wolumidwa ndi mvuu amangoponyedwa m'gulu la nyama zina zoyamwitsa. Koma zoti munakhala pambali pa bedi mukuwerenga mpweya usiku wonse, ICD ilibe nazo ntchito. Pamenepo ndisiyire aphunzitsi anu.

AgogoTutor

Mwana wanga wa ku East Bank, ine ndinaphunzitsa anamwino zaka zambiri ndisanapume, tsopano ndikuweta mbuzi kuno ku Ngabu, koma funso lako landidzutsa pa mkeka.

Inde, chinenero chathu chilipo, ndipo si chimodzi. Ku America anamwino anakumana ku St. Louis mu 1973 kuti ayambe kutchula mavuto amene namwino amawapeza yekha, ndipo kumeneko ndi kumene kunachokera NANDA, mndandanda wa mavutowo, imene inakuvutitsani pa mayeso. Ku University of Iowa anawonjezera NIC ya zochita za namwino ndi NOC ya zotsatira zake. Palinso Omaha System, imene inakonzedwera anamwino oyendera anthu m'makomo. Koma imene ndikanakonda uiwerenge ndi ICNP ya bungwe la anamwino pa dziko lonse, International Council of Nurses. Anagwirizana zoipanga mu 1989, yoyeserera inatuluka mu 1996, yokhazikika yoyamba mu 2005, ndipo masiku ano mawu ake analowetsedwa mu SNOMED CT imene achimwene a mawaya atchula.

Maganizo ake ndi osavuta. Dokotala amatchula matenda, namwino amatchula mmene munthu alili ndi matendawo. Chiganizo cha namwino chimamangidwa ndi zidutswa ziwiri, chimene maso ako ali pa icho ndi chigamulo chako pa icho. Madzi m'thupi, achepa kwambiri. Ululu, waukulu. Kukomoka, kungathe kuchitika. Chochita nachonso chili ndi zidutswa zake, kuchita chiyani, pa chiyani, ndi chiyani, liti, mbali iti ya thupi, kwa yani. Kwa yani ameneyu akhoza kukhala wodwala, gadiyani, banja kapena mudzi wonse. Muyezo wa ISO 18104 wa 2003 unakhazikitsa kamangidwe komweka kuti makina osiyana azimvana.

Ndikupatse chitsanzo cha kolera ya 2022 ndi 2023, pamene ana anga ena ankandiimbira foni ali m'matenti. Odwala awiri, onse ICD iwalemba A00, onse ali pa dripu ya Ringer's. Woyamba ndi mnyamata wa njinga za kabaza, patatha maola ochepa wakhala tsonga, akumwa yekha madzi a thanzi, mkazi wake ali panja pa mpanda. Wachiwiri ndi gogo amene kapu sangainyamule, gadiyani wake watsakamira tsidya lina la mtsinje. Pa lipoti ndi anthu awiri ofanana. Kwa namwino, gogoyu ali ndi mavuto atatu, madzi achepa, sangathe kudzimwetsa, alibe womudikirira, ndipo akudya nthawi ya namwino kuposa mnyamata uja kutalitali. Ukalemba vuto, chochita, kenako patatha maola anayi n'kubwerera pa vuto lomwelo ndi chigamulo chatsopano, wamanga unyolo umene kompyuta ingautsate. Ndi unyolo umenewu wokha umene ungaonetse ku boma kuti wodi inafunika anamwino angati usiku umenewo. Popanda iwo, ntchito yathu sioneka paliponse kupatula pa mapazi athu otupa.

Koma ndikuchenjeze. Ndinaona ophunzira akuloweza ziganizo zazitali za NANDA kuti akhoze mayeso, atafika pa wodi n'kumalemba "stable" ndi "slept well" usiku uliwonse mpaka wodwala atamwalira. Mawu amenewo sauza kanthu mnzako wolandira shifiti, ndiye kompyuta ingatolemo chiyani? Usamupatse mnyamatayo mawu masauzande. Khala pansi ndi azamba anzako, mutole mavuto makumi atatu kapena anayi amene mumakumana nawo tsiku ndi tsiku ku leba ndi ku postnatal, kenako mufufuze khodi ya lililonse. Mudzapeza ena alibe khodi yokwanira bwino, monga mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda a uchembere, msewu kuduka, kapena mayi amene sangavomere kutumizidwa mpaka mwini mbumba atafika. Amenewo musawataye chifukwa buku la kunja silinawatchule bwino, ndi amene amapha amayi kuno. Ndipo nkhani yotere ifike ku Nurses and Midwives Council ndi ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo, kuti Nsanje isakhale ndi mndandanda wake, Chikwawa wake, Karonga wakenso.

Za "sakundisangalatsa", usalole kuti azichotse. Pakhale podina poti namwino ali ndi nkhawa, ndipo pambali pake malo olembapo mawu ako mmene wawaganizira.

NaitiYokhayokha

Amayi athu a ku Ngabu alankhula zomveka, ndipo sindikutsutsa. Ine ndingoyankhula ngati munthu amene ndimagwira naiti ku Nsanje, ndekha pa wodi yodzaza mpaka ena kugona pansi.

Asisita, funso loyamba kwa mnyamatayo likhale loti pepala lichoka kapena likhala. Ngati tizilemba pa tchati, pa rejisita, mu buku la wodwala, kenako mu tabuleti, dziwani kuti tabuletiyo izidzazidwa 5 koloko m'mawa kuchokera m'mutu. Ndipo bokosi lililonse limene adzaliike kuti n'lokakamiza, loti sungapitirire osalidzaza, lidzabala bodza. Pitani mukaone matchati a themperecha m'mawodi ambiri, 36.5 kuyambira bedi loyamba mpaka lomaliza, kupuma 20 aliyense. Themomita inali imodzi, mabatire anatha. Malamulo anzeru a achimwene a mawaya aja akadya manambala oterewa adzangokhala chete wodwala akupita.

Chachiwiri ndi patogilafu, tchati yotsatira mmene leba ikuyendera. Tonse tikudziwa kuti malo ena imadzazidwa mwana atabadwa kale, mtima wa mwana mphindi 30 zilizonse utalembedwa bwinobwino ndi cholembera chimodzi. Makina adzaonetsa kuti zonsezo zinalowa nthawi imodzi. Ngati nthawi imeneyo idzagwiritsidwa ntchito pomukhomera namwino pa odit ya imfa ya mayi, osafunsa kuti anali ndi amayi angati pa leba ola limenelo, anthu adzayamba kubwerekana mapasiwedi ndipo dzina la woyeza lidzakhala lopanda tanthauzo.

Kenako za kuno kwathu zenizeni. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 tinakhala mu mdima wosinthanasinthana kupitirira chaka. Mwezi wa October kutentha kumadutsa madigiri 40, foni imene imazima yokha m'thumba. Komabe sindingaikire kumbuyo pepala ndi mtima wonse, chifukwa namondwe Freddy atadutsa mu March 2023 ndinaona anthu ku misasa atanyamula mabuku a kuchipatala atasanduka phala, ena osakumbuka ngakhale dzina la mankhwala awo a BP. Amene zawo zinali mu makina anapezeka msanga.

Ndipo wodwala ndi ndani? Ambiri athu amachokera ku Mozambique, ena kudzera pa chipata cha Marka, ena pa bwato. Chitupa cha unzika alibe, tsiku lobadwa sadziwa, mayina ndi ofanana mudzi wonse, lero abwera ndi dzina la bambo awo mawa la amuna awo. Makina akasakaniza amayi awiri, nzeru zonse zija zimagwera pa munthu wolakwika. Nkhani ya mwanamphepo ija muiganizirenso kuti aziiona ndani. Apongozi anakuuzani inu chifukwa anakukhulupirirani usiku umenewo, sanauze boma lonse.

MzambaWaEastBank

Zikomo kwambiri nonse. Amayi a ku Ngabu, tinakhala pansi azamba atatu ndi mtsikana wathu wa sukulu, tatola mavuto 34, ndipo mkangano waukulu unali pa kutaya magazi. Wina ankafuna bokosi loti PPH (kutaya magazi ambiri atabereka) inde kapena ayi. Ine ndinakana, chifukwa 500 ml ija, mlingo wa PPH, timaiyerekeza ndi maso pa zitenje, ndipo mayi wa magazi ochepa kale amafooka asanafike pamenepo. Tagwirizana kuti tizilemba kuchuluka kwake, njira imene tayezera, kulimba kwa chiberekero, ndi pulse, chigamulo chibwere pambuyo pake.

Achimwene a ku Nsanje, zokakamiza tasiya zinayi zokha, ndipo chilichonse chili ndi posankha kuti sizinayezedwe. Mnyamata uja sanakondwe, akuti lipoti lake lidzaoneka la mabowo. Ndamuuza kuti mabowowo ndi oona.

Chatsala chimodzi kwa a mawaya. Malo olembapo mawu athu aja, kodi makina angatolemo kanthu, poti timasakaniza Chingerezi, Chichewa, nthawi zina mawu a wodwala m'Chisena mmene wawanenera? Kapena adzangokhala osungidwa basi?

MkuluWaMawaya

Pakadali pano muwatenge ngati olembera munthu mnzanu, Asisita. Mapulogalamu otola mfundo m'mawu wamba anaphunzitsidwa ndi zolemba za zipatala za kunja, ndipo zidule zathu ndi kusakaniza kwathu zimawasokoneza. Sindingalole kuti dozi ya mankhwala idalire zimenezo. Chilichonse chimene mukufuna kuti chiziliza belu chikhale ndi bokosi lake.

Koma ngakhale makina asamve mawuwo, khalidwe lanu polemba limalankhula. Ku Columbia University ku New York anapanga njira yotchedwa CONCERN, imene imayang'ana kuti namwino wayamba kuyeza wodwala pafupipafupi kuposa mmene analamulidwira, kapena kulemba ndemanga pa maola achilendo, n'kuchenjeza kuti wodwalayo mwina akuipiraipira. BP yanu yobwereza patatha mphindi 15 ija ndi chizindikiro cha mtundu womwewo. Izi zimatheka pokhapokha nthawi zikakhala zoona, ndiye mfundo ya achimwene a naiti ija ya odit si yaing'ono.

Musanavomere pulogalamuyo, tengani mafayilo akale makumi awiri, ovuta ndi osavuta omwe, mufute mayina. Mzamba mmodzi awalowetse mu tabuleti netiweki itazimitsidwa. Wina amene sanawaonepo awerenge pa sikirini pokha, anene chimene chinachitika ndi chimene akanachita polandira shifiti. Paliponse pamene afunse kuti "nanga apa zinatani", pamenepo pakusowa bokosi kapena pali bokosi lolakwika. Mumufunsenso mnyamatayo ngati makinawo angasindikize chidule cha tsamba limodzi chopita ndi mayi mu ambulansi, chifukwa kumene mukumutumizako mwina adzakhala asanalandire matabuleti awo.